Lero mutu ndi ulendo: macheza a nyimbo a adzukulu a matchona ku Harare

Lamulo lake ndi limodzi, ndipo silinalembedwe paliponse. Wina amatchula mutu: imfa, ulendo, amayi, ngongole, apongozi. Aliyense amene wakhala pamenepo ayenera kupeza nyimbo imodzi yonena za mutuwo, kuiliza pa sipika, kenaka n'kuuza anzake chimene waisankhira. Nyimbo ikatha ndiye kuti mlandu wayamba. Wina anena kuti imeneyo ndi yachikondi chabe, yalowa m'bwalo la maliro mozemba. Wina aikira kumbuyo mnzakeyo. Wachitatu akumbukira kumene anali chaka chimene inatuluka, ndipo pofika apo foni yaiwalika pa tebulo.

Macheza otere alibe bungwe, dzina kapena wapampando. Amachitika Loweruka kapena Lamulungu masana m'malokeshoni a Harare: pakhonde la nyumba ku Mufakose, kuseri kwa mashopu ku Mabvuku ndi Tafara, pa Machipisa ku Highfield, kwa Mereki ku Warren Park kumene utsi wa kanyenya sutha, kapenanso pa gulu la WhatsApp pamene anzawo ena ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Anthu a mitundu yonse amacheza chotere, Ashona ndi Andebele omwe. Koma m'mabwalo a ana ndi adzukulu a matchona, Amalawi amene anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia osabwerera, masewerawa amalemera mwa njira ina. Foni iliyonse imakhala ndi nyimbo za maiko awiri, ndipo mutu wooneka wamba ngati "kwathu" umatha kugawa bwalo pakati.

Amalawi anayamba kutsikira ku Southern Rhodesia mwaunyinji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, msonkho wa atsamunda utawakhala pakhosi. Oyambawo ankayenda pansi, kudzera ku Tete, n'kuoloka Zambezi pa bwato; a m'mbuyo anakwera malole a Ulere ndi a Mthandizi. Ena anathera m'migodi ya ku Shamva ndi Mazowe, ena m'mafamu a fodya, ndipo ambiri anafika mu Salisbury, mzinda umene agogo mpaka lero amautchula kuti Halale, n'kukhala makhukhi, osamalira maluwa, antchito a khonsolo ndi a njanji. Kwa nthawi yaitali 1950 isanakwane, antchito akuda ambiri mumzindawu anali obwera kuchokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia, eni nthaka ambiri ali chigwirire khasu kumidzi kwawo. Wolemba mbiri Zoe Groves anatsata mapazi a anthu amenewa m'buku lake la mu 2020, ndipo Anusa Daimon, katswiri wa ku Zimbabwe komweko, anafufuza moyo wawo kuyambira 1895 mpaka 2008.

Iwowa sanapite chimanjamanja. Anatenga gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ndi beni wa Ayao. Anatenga mapemphero: Asilamu anamanga mizikiti, ndipo mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok anachoka ku Nkhoma kupita ku Salisbury kukatumikira Amalawi a kumeneko, ntchito imene inadzabala Sinodi ya Harare ya CCAP mu 1965. Anakhazikitsanso mabungwe othandizana pa maliro, poti munthu wofera kutali ndi abale amafunabe omusambitsa, omugulira bokosi ndi omuimbira. Mabungwe amenewa alipobe. Nthawi zambiri msonkhano wa pamwezi ukatha, ndalama zitawerengedwa ndi kulembedwa m'buku, ndi pamene sipika imatuluka m'chikwama.

Kwawo n'kuti?

Mutu wa ulendo ndi umene umakoka akuluakulu. Amene anakulira pafupi ndi galamafoni ya bambo ake amayamba ndi gitala ya Daniel Kachamba, ndipo amakhala ndi chifukwa chomveka. Banja la Kachamba, la kwa Singano ku Chileka, linakhala mu Salisbury kuyambira 1957 mpaka 1961, ndipo kumeneko ndi kumene Daniel, ali mnyamata, anamva kwela wa ku South Africa, nyimbo za kachitoliro kachitsulo zimene zinali zitadzaza m'misewu ya m'malokeshoni. Atabwerera kwawo, iye ndi mng'ono wake Donald anayamba kuimba m'misewu ya Blantyre, kumene katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anawapeza mu 1967 n'kuwatsegulira njira ya ku Ulaya. Ndiye kuti nyimbo imene mdzukulu wa mtchona amaiyesa ya kumudzi kwenikweni ili ndi fumbi la Harare m'kati mwake.

Apa ndi pamene mkangano woyamba umabuka. Kwa madala a zaka 70, nyimbo ya ulendo ndi yonena za kubwerera: basi yochoka mu Harare, kudutsa pa Nyamapanda, kuoloka mlatho wa ku Tete, kulowa pa Zobue ndi Mwanza, makilomita pafupifupi 600 mpaka Blantyre. Ndi ulendo wa tsiku limodzi, koma ambiri akhala akuukonzekera moyo wawo wonse osaunyamuka. Kwa mdzukulu wawo, ulendo ndi wa ku Beitbridge, ndipo kwawo kumene amakulakalaka akakhala ku Johannesburg ndi ku Mufakose, osati ku Dedza kapena ku Mangochi kumene sanapondeko. Iye aika nyimbo ya Chishona yonena za kusowa kwawo, madala n'kupukusa mutu kuti mwanayu sakudziwa kumene anachokera. Mnyamata ayankha mwaulemu kuti agogo, mchombo wanga unagwera muno. Onse awiri akunena zoona. Ndipo pakanapanda nyimbo sakanauzana zimenezi, chifukwa si nkhani imene mdzukulu angaiyambe yekha pamaso pa agogo ake.

Chimene chimawabweza pamodzi ndi sungura. Mtundu wa nyimbo umenewu unakula Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, kuchokera ku mbale za benga ndi rumba za ku Kenya, Tanzania ndi Congo, zina mwa izo zija timazidziwa kuti kanindo. Koma manja amene anaukuza ambiri anali a ana a obwera, okulira m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi. John Chibadura, amene anamwalira mu 1999, makolo ake anali a ku Mozambique. Nicholas Zakaria, wokulira ku Mazowe, amene anthu anamupatsa dzina loti Senior Lecturer chifukwa cha oimba ambiri amene anadutsa m'manja mwake ku Khiama Boys, magazi ake ndi a ku Malawi. Chimodzimodzi Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke. Ndipo pamwamba pa onse pali Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968, amene anaphunzira ntchito kwa Zakaria yemweyo asanayambe gulu lake la Orchestra Mberikwazvo, munthu amene amaliza besi gitala ngati ndiyo yotsogolera nyimbo.

Mu 2000 Macheso anatulutsa chimbale cha Simbaradzo, chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya Zimbabwe, ndipo m'menemo muli "Mundikumbuke", yoimbidwa m'Chichewa. Chaka chimenecho n'chofunika kuchiyang'ana bwino. Ndi chaka chimene kulanda mafamu a azungu kunayamba, ndipo antchito a m'mafamumo, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anatsala opanda ntchito ndi pogona, osagawiridwako malo. Ndi nyengo yomweyo imene Robert Mugabe, atakwiya ndi mavoti a m'tauni, ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mitupo, kunena kuti alibe ziwongo ndipo si eni dziko, chikhalirecho m'misewu ya Mbare a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe ali mbwee. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'dzikomo kwa makolo obwera anauzidwa kuti akane unzika wa maiko amene ambiri sanawaonepo. Amene sanathe kutero anatsala ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Pamene zonsezi zinkachitika, m'maminibasi, m'mabawa ndi pa maukwati dziko lonse linkavina nyimbo ya m'chinenero cha anthu omwe ankanyozedwawo.

N'chifukwa chake "Mundikumbuke" imalowa pafupifupi mutu uliwonse, mpaka anzake a wosankhayo amamunena kuti wachita ulesi. Koma ikalira sipakhala woidula. Mnzawo wa Chishona amene wakhala akuiimba zaka zoposa makumi awiri amafunsa kuti achimwene, kodi pamenepa akuti chiyani, ndipo a Phiri amene kusukulu ankabisa chinenero cha makolo awo poopa dzina lonyoza loti mabhurandaya amapezeka ali mphunzitsi.

Maliro, ntchito ndi mutu wosatchulidwa

Mutu wa imfa sufuna kuitanira anthu. Mmodzi aika "Neria" ya Oliver Mtukudzi, mwana wa ku Highfield amene anamwalira pa 23 Januwale 2019. Nyimboyi inapangidwira filimu ya dzina lomwelo, yonena za mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake anamulanda katundu. Sipatenga nthawi kuti nkhani ichoke pa filimu n'kufika pa nyumba ya zipinda zinayi imene ana a malemu akulimbirana mumsewu womwewo, ndiponso pa funso limene limavuta mabanja ambiri a matchona: kodi zinthu zitsate mwambo wa Achewa ndi Ayao, kumene mwini mbumba ndi malume, kapena wa Ashona, kumene ana ndi a kwa bambo? Bambo Mchewa wokwatira mkazi Mshona amasiya ana amene mbali zonse ziwiri zikhoza kuwakana, pamene mwana wa bambo Mshona ndi mayi Mchewa mbali zonse zimamulimbirana. Wina atsatiza ndi "Todii", ya Mtukudzi yemweyo, ya m'nyengo imene Edzi inkasesa anthu, ndipo pamenepo ambiri amangoyamba kutchula maina a anzawo. Wina abweretsa banjo ya Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, kuti achinyamata amve mmene umasiye unkaliridwira kumudzi.

Mutu wa ntchito ndi wa Leonard Zhakata. "Mugove" ya mu 1994 ndi dandaulo la wantchito amene akupempha gawo lake iye akadali moyo, ndipo mwana wa khukhi kapena wa wantchito wa pa fakitale ya simenti ya ku Mabvuku sasowa chonena ikatha. Ku Malawi chaka chomwecho Lucius Banda anatulutsa Son of a Poor Man, mmene muli "Mabala", yokumbutsa nkhanza za ulamuliro wa chipani chimodzi. Kuziika motsatizana ndiye kuputa funso loti analimba mtima kwambiri ndani, ndipo funso limenelo silinathepo tsiku limodzi.

Koma mutu wa ndale sautchula dzina. Anthu a ku Harare amakumbukira kuti kumapeto kwa 2000 munthu wina woyang'anira nyali pa phwando la Mtukudzi anamangidwa chifukwa chowalitsa chithunzi cha Mugabe pamene "Wasakara", nyimbo yolangiza munthu wokalamba kuvomereza kuti wakula, inkaimbidwa. Mtukudzi mwiniwake ankakana kuti sankanena munthu aliyense. Amakumbukiranso Murambatsvina wa mu 2005, pamene nyumba ndi misika ya m'malokeshoni zinagwetsedwa, ndipo lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Choncho pabwalo lapoyera mutu umatchedwa "ukalamba" kapena "njala", aliyense n'kudziwa chimene akusankha. Amalawi amene anakhalako m'nthawi ya Kamuzu luso limeneli sachita kuphunzitsidwa.

Kuchokera pa kalata kufika pa memori khadi

Chizolowezi chosankhirana nyimbo sichinabwere ndi foni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940 wailesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inkaulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special, kamene kanalowa m'nyumba zambiri. Pulogalamu yokondedwa koposa inali Zimene Mwatifunsa. Mtchona ankalemba kalata yopereka moni kwa mkazi ndi ana kwawo, n'kusankha nyimbo yoti ikamulankhulire zimene sakanatha kulemba pa pepala loti liwerengedwe pagulu. Pambuyo pake Radio 2, imene lero ndi Radio Zimbabwe ndipo situdiyo zake zili ku Mbare, inapitiriza mwambowu ndi pulogalamu ya Kwaziso, ndipo mndandanda wake wa nyimbo 50 zopambana pakutha pa chaka umakanganitsa anthu mpaka Januwale atha. National FM, imene kale inali Radio 4, ili ndi nthawi ya Chichewa.

Lero nyimbo zimayenda pa memori khadi, pa fulashi ndi pa WhatsApp. Spotify inafika ku Zimbabwe ndi ku Malawi mu 2021, koma bandulo ya WhatsApp ndi yotsika mtengo kuposa ya intaneti yonse, ndiye nyimbo imadumpha foni ndi foni, ndipo pofika kwa munthu wachisanu dzina la woimba lasowa, yangotsala nambala. Apa akuluakulu amapezanso ulemu wawo. Mnyamata ali ndi nyimbo zikwi m'thumba, koma amene angamuuze kuti ili ndi gulu la Barura Express la Leonard Dembo, kapena kuti mawu awa ndi a System Tazvida asanachoke ku Khiama Boys, ndi madala amene anaigula pa kaseti. Magetsi nawo anathandizapo mosadziwa. Mu 2019 ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, wailesi yakanema n'kusanduka chokongoletsera m'nyumba, ndipo kasipika kotchajidwa ndi sola n'kamene kanatulutsa anthu panja kuti akhale pamodzi.

Pali nkhani imodzi imene mabwalowa sakonda kuikhudza. Oimba amene amatamandidwa chotere salandira kanthu pa nyimbo zokoperanazi. Makampani monga Gramma Records, amene kale ankagulitsa makaseti mwaunyinji, anafooketsedwa ndi ma CD okopera a m'misewu, ndipo oimba angapo a sungura anadwala ndi kumwalira mabanja awo akupempha thandizo kwa anthu. Amene amalira ndi "Mugove" Loweruka masana ayenera kudzifunsa kuti gawo la woimbayo linapita kuti.

Achinyamata ali ndi mtundu wawo wa masewera omwewa. M'nyimbo za Zimdancehall situdiyo imapanga ridimu imodzi, kenaka oimba makumi angapo amaikapo mawu, aliyense nkhani yake. Ku Chillspot Records, situdiyo imene inayambira m'chipinda cha m'mafulati a Matapi ku Mbare, DJ Fantan ndi Levels atulutsa maridimu ambiri otere, ndipo ikatuluka yatsopano anyamata amaimvera yonse kuyambira woyamba mpaka womaliza, n'kumatsutsana kuti waposa anzake ndani. Mutu wa moyo wa m'lokeshoni ukaperekedwa, iwo amabwera ndi Winky D wa ku Kambuzuma kapena Soul Jah Love, amene anamwalira mu Febuluwale 2021 ali ndi zaka 31. Akuluakulu amadandaula kuti mulibe gitala ndipo mawu akuthamanga kwambiri, koma akafotokozeredwa kuti akunena za ulova, za lendi ndi za mankhwala ozunguza bongo, amavomera monyinyirika kuti ndi ana a Zhakata omwewa. Nthawi zina zimatembenuka. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nyimbo ndi Giddes Chalamanda, gogo wa ku Chiradzulu wobadwa mu 1930, ndipo chaka chotsatira "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok dziko lonse lapansi. Adzukulu ndi amene anaibweretsa kwa agogo monyadira, osadziwa kuti agogowo dzina la Chalamanda analidziwa iwo asanabadwe.

Kunena zoona, mabwalo a kumashopu ndi a amuna. Amayi ali ndi awo: pa mukando, chipereganyu cha kumeneko, pa phwando lolangiza mkwatibwi, ndi Lachinayi akamachokera ku mapemphero a amayi. Mitu yawo sizungulira: apongozi, mitala, mwamuna amene anapita ku Joni n'kusiya kutumiza ndalama. Nyimbo za Charles ndi Olivia Charamba zimakumana ndi za Ethel Kamwendo Banda ndi malemu Grace Chinga, komanso za m'buku la Nyimbo za Mulungu, zimene amayi ambiri a CCAP amaziimba pamtima ngakhale Chichewa cha tsiku ndi tsiku chinawathawa. Mayi amene sangaime n'kunena kuti banja lake likuvuta amatha kungoika nyimbo. Anzake amamva, ndipo m'mawa mwake mmodzi amakagogoda pakhomo pake.

Malamulo a dziko a mu 2013 anabwezera unzika anthu obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linadandaula kuti ambiri alibebe zitupa, ndipo chiwerengero cha UNHCR chinali chakuti anthu pafupifupi 300,000 akhoza kukhala opanda dziko. Chinenero nacho chikuchepa m'nyumba. Ana ambiri a ku Tafara amachimva osachilankhula, ndipo chimene chatsalacho ndi Chichewa cha m'makomboni, chosakanikirana ndi Chiyao, Chisena ndi Chishona, chosunga mawu ena amene ku Lilongwe anasiya kuwagwiritsa ntchito kalekale.

Kusiyana kumeneku kumaonekera bwino pa magulu a WhatsApp a mabanja, kumene asuweni amene sanaonanepo maso ndi maso amaponyerana nyimbo. Wa ku Malawi atumiza Eli Njuchi kapena Driemo, wa ku Harare n'kupempha kuti amumasulire chifukwa Chichewa cha achinyamata a ku Ndirande ndi Kawale chamupitirira. Iye abweza Zakaria kapena Macheso, wa ku Malawi n'kuseka kuti akulankhula ngati agogo a kumudzi, koma n'kupempha ina. M'magulu otere mutu umodzi umatenga sabata yathunthu. Wa ku Mabvuku amadikira magetsi kuti atchaje foni, wa ku Cape Town amayankha usiku akaweruka, ndipo wa ku Dedza amayamba wafika kumsika kumene netiweki imagwira.